KUONA MASO A NKHONO N'KUDEKHA

Anyamata ndi atsikana ambiri aturuka m'sukulu atasenza maganizo awiri amene sanawayese bwino. Loyamba ndi lakuti cithunzi cabwino ndico cimene cifanana kwambiri ndi mwini wace, kotero kuti wocipenya anganene kuti, "Ha! Ngati anajambula ndi kamera." Laciwiri ndi lakuti ndakatulo yabwino ndiyo imene mizere yace ithera m'mau omveka mofanana, monga zicitira ndakatulo za Cingerezi zimene ana aloweza pamtima. Maganizo amenewa ali ngati nsapato za paubwana: zithandiza poyamba, koma wozikakamira atakula adzayenda motsimphina.

M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti luso la wojambula, la wosema ndi la mlakatuli ndi limodzi, ndilo kusankha. Mmisiri sangathe kuika dziko lonse pa pepala limodzi. Atola cimodzi nasiya zikwi, ndipo nzeru zace zioneka pa cimene watola ndi pa cimene wasiya. Woyamba kuphunzira akadziwa ici, wapeza khomo. Ndipo inu okhala m'Lusaka simusowa sukulu yophunziramo zimenezi, pakuti mzinda womwewu uli ndi aphunzitsi oima m'mbali mwa miseu, osafuna malipiro.

Tiyambe ndi cinthu cimene aliyense ayesa kuti acidziwa. Wocokera ku Woodlands kupita m'tauni pa mseu wa Independence Avenue apitirira ciboliboli ca Ufulu, cimene cinabvundukulidwa m'caka ca 1974, pokondwerera zaka 10 za kudzilamulira. Anacipanga ndi James Butler, mmisiri wa ku Britain, ndipo kwa zaka zambiri cithunzi cace cinali kusindikizidwa pa ndalama zathu za mapepala. Anthu zikwizikwi acipitirira tsiku ndi tsiku, koma owerengeka okha ndiwo anaimapo n'kucipenyetsetsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo limeneli ndilo phunziro loyamba: kuima, kukhala cete, ndi kunena cimene maso aona musananene cimene mtima uganiza.

Nanga maso aona ciani? Aona mwamuna mmodzi wamphamvu, wosabvala malaya, manja ali m'mwamba, unyolo woduka ukulendewera. Taonani tsono zimene mmisiri anasankha. Sanasankhe nthawi imene munthuyo anali womangidwa, kapena nthawi imene anali atapumula pambuyo pa nkhondo yace; anasankha kamphindi kamene unyolo wangoti thi! Ici ndico cipatsa ciboliboli moyo, ndipo pa ici mmisiri ayenera kutamandidwa. Koma funsaninso zimene anasiya. Palibe womanga unyolowo. Palibe khamu la anthu a m'midzi amene anatseka miseu ndi mitengo m'nthawi ya Cha Cha Cha m'caka ca 1961. Palibe mkazi, cinkana tidziwa kuti m'caka ca 1960 Mai Julia Chikamoneka ndi anzao anabvula pamaso pa Iain Macleod, nduna ya maiko a atsamunda, kuti aonetse mkwiyo wa dziko. Sindinena kuti mmisiri analakwa. Ciboliboli ca pabwalo ciri ngati mfuu, ndipo mfuu sunena mau ambiri. Koma wopenya wocenjera adziwa kuti mfuu si mbiri yonse, ndipo pamalo amene mmisiri uyu anasiya pali nchito yodikira amisiri ena, kapena inu amene.

Tsono tipite ku mseu wina. Wocokera ku Chelstone pa Great East Road apitirira Yunivesite ya Zambia, ndipo m'kati mwa bwalo lace muli ciboliboli cochedwa The Graduate, ndiye kuti wotsiriza maphunziro. Anacipanga ndi Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje m'caka ca 1943, nakulira ku Bulawayo, naphunzira za luso ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany. M'caka ca 1976 anakhala mmisiri wa pa Yunivesite, ndipo anamwalira ku Aachen m'caka ca 1987. Munthu wa pa ciboliboli cace abvala mkanjo ndi cisoti ca omaliza maphunziro, ndipo anyamula zinthu ziwiri: buku ndi khasu.

Apa pali phunziro laciwiri, lakuti zinthu ziwiri zikaikidwa pamodzi zibala cacitatu cimene sicinalembedwe. Buku palokha ndi buku, khasu palokha ndi khasu. Koma zikakhala m'manja mwa munthu mmodzi wobvala mkanjo, funso libadwa. Kodi maphunziro amcotsa munthu kumunda, kapena amtumanso komweko ndi maso atsopano? Ena anganene kuti Tayali analalikira poyera kwambiri, monga mphunzitsi wolemba phunziro pa bolodi, ndipo m'mau ao muli coonadi pang'ono. Komatu mnyamata amene ali ndi satifiketi m'cikwama, nayenda ofesi ndi ofesi pa Cairo Road osapeza nchito, adzawerenga khasu limenelo mosiyana ndi m'mene nduna ya boma iliwerengera pa tsiku la cikondwerero. Cinthu cimene anthu awiri angaciwerenge mosiyana, yense nanena zoona, ciri ndi kuya. Miyambi yathu icita comweco. Wonena kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere sachula munthu wacinyengo, angoika mkuyu ndi nyerere pamodzi, womva natsiriza yekha.

Tayali anali katswirinso pa zithunzi zodinda ndi thabwa. Nchito imeneyi iyenda motere: mmisiri atenga thabwa losalala, nagoba ndi kampeni malo onse amene afuna kuti akhale oyera, kenaka apaka inki pa zotsalazo, nakanikizapo pepala. Cimene cioneka pa pepala ndi cokhaco cimene mpeni unacilekerera. Wogoba pang'ono aturutsa mdima wokhawokha, wogoba mopitirira atsala ndi pepala loyera. M'zithunzi zace zambiri Tayali anaonetsa makamu a anthu wamba opanikizana, ndipo kawirikawiri nkhope zao sizinamalizidwe monga kamera ikadacitira. Koma wopenya amva kutentha ndi phokoso la khamulo. Akadajambula diso liri lonse ndi batani liri lonse, khamu likadaima ciriri ngati asilikari a pa perete. Woyamba kulemba ndakatulo aphunzire kwa thabwa limeneli, pakuti nthenda ya oyamba onse ndi kuopa kufafaniza.

Phunziro lacitatu liri pa cinthu cimene mmisiri apangira nchito yace. Kunja kwa Lusaka National Museum, nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa m'caka ca 1996 pafupi ndi ciboliboli ca Ufulu, kunaimikidwa cifanizo ca munthu copangidwa ndi zitsulo za mabedi akale, amene odwala Edzi ambiri anagonapo natsirizikapo. Cinapangidwa polemekeza Winstone Zulu, amene m'caka ca 1990 anaulula poyera kuti ali ndi kacirombo, pamene ena onse anali kubisa, ndipo anamwalira m'caka ca 2011. Cifanizo comweco cikadaumbidwa ndi simenti, cikadakhala munthu woimirira cabe. Koma popeza ndi mabedi a akufa amene aimirira ngati munthu wamoyo, citsulo comwe cilankhula za mankhwala amene anadzutsa anthu pa mphasa. Mmisiri wanzeru afunsa cipangizo cace cimene cingathe kunena, asanacikakamize kunena zace.

Nanga cipangizo ca mlakatuli nciani? Ndi cinenero cace. Apa ndipo pagona colakwa ca iwo amene ayesa kuti ndakatulo ndi kufananitsa mathero a mizere. M'Cingerezi mau athera m'njira zambirimbiri, kotero kupeza awiri omveka mofanana ndi nchito, ndipo khutu likondwa pakumva kuti nchitoyo yatheka. Koma m'Cinyanja liu liri lonse lithera pa a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri athera pa a. Mwana wa zaka zisanu angathe kufananitsa "kudya", "kumwa", "kugona" ndi "kudzuka" osatuluka thukuta. Cimene cipezeka mosabvuta cotere sicikondweretsa khutu, ndipo wocithamangira apotoza ziganizo zace kufikira zimveka ngati za mlendo.

Kukoma kwa Cinyanja kuli kwina. Coyamba, mau athu agwirizana kumutu, osati kumcira. Tamvani: "Kamwana kanga kakang'ono kagona." Ka- yemweyo abwera kasanu mosakakamiza, ngati mapazi a munthu woyenda. Caciwiri, tiri ndi kukweza ndi kutsitsa kwa liu, kumene kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, cinkana polemba afanana. Cacitatu, tiri ndi mivekero, imene ijambula ndi liu limodzi cimene zinenero zina zifotokoza ndi mau khumi: mdima bii, mwezi mbee, magazi psuu, mudzi uli zii. Cacinai, tiri ndi kuyamba ndi kubvomera, monga acitira amai pa mtondo, wina naponya mzere, mnzace naulandira, munsi nusunga nthawi. Izi ndizo zitsulo zathu, ndipo mlakatuli wozisiya kuti akabwereke za eni ali ngati mlimi wosiya khasu lace n'kukalima ndi supuni.

Si kwacabe kuti E. J. Chadza, mphunzitsi wa ku Malawi, anacha buku lace la ndakatulo Nchito ya Pakamwa, limene linasindikizidwa muno m'Lusaka m'caka ca 1963. Dzina lokhalo ndi ciweruzo: ndakatulo iyesedwa ndi pakamwa ndi khutu, pepala lingoisunga. Ndipo akulu amene anali kuchera khutu ku wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akumbukira Julius Chongo ndi nthano zace za Poceza m'Madzulo. Iye sanali kuchedwa mlakatuli, koma anali kudziwa poika mvekero, pofulumira ndi poima, kotero kuti anthu okhala m'kanyumba ka cipinda cimodzi anali kuona ndi makutu ao nkhalango, mifuti ndi fumbi. Wofuna kuyesa ndakatulo yace aiwerenge mokweza pamaso pa agogo ace. Pamene lilime lipunthwa, pamenepo pali cirema.

Kuti zimveke bwino, nazi zitsanzo ziwiri zimene ndapeka dala. Woyamba kulemba, pofuna kunena za umphawi wa m'tauni, kawirikawiri alemba motere:

Moyo wa m'tauni ndi wobvuta,
Anthu ambiri akulira,
Ndalama nazo zikusowa,
Mitima yathu ikuwawa.

Mizere yonse yathera pa a, ndipo zonenedwazo ndi zoona, koma palibe cimene maso aona. Mau ngati "moyo", "anthu ambiri" ndi "mitima" ali ngati thumba lalikuru lopanda kanthu m'kati. Tsono tamvani izi:

Mai wa tomato pa Soweto
awerenganso mangwee ace;
dzuwa psuu kumadzulo,
milu ikali isanu.

Pano liu lakuti umphawi silinachulidwe, ngakhale lakuti cisoni. Pali mkazi mmodzi, msika umodzi, ndi milu isanu ya tomato imene mawa idzakhala itafewa. Kachidutswa kakuti -nso m'liu lakuti "awerenganso" kasenza katundu wolemera, pakuti munthu sawerenga kawiri ndalama zokwanira. Sindinena kuti imeneyi ndi ndakatulo yaikuru, koma iri pa njira, cifukwa yasankha cimodzi nisiya wowerenga kuti atsirize.

Pamenepa pabuka funso la Cinyanja ca m'Lusaka, cimene cisakaniza mau a Cibemba, Cinsenga ndi Cingerezi. Aphunzitsi ena acinyoza, ndipo anyamata ena acikonda mopanda muyeso. Onse awiri aphonya. Ngati ndakatulo inena za mnyamata wogulitsa pa kantemba, liu lakuti kantemba ndilo loyenera, ndipo kulisintha kuti likhale "kanyumba ka malonda" ndi kubveka mbuzi jekete. Koma wolemba liu la m'tauni cifukwa sadziwa lina sanasankhe kanthu, wangotola cimene cinali pafupi. Dziwani zonse ziwiri, Cicewa ca ku Katete ndi Cinyanja ca pa siteshoni ya mabasi, kuti pamene mutenga cimodzi mukhale mutasiya cinzace mwadala.

Phunziro lacinai ndi lowawa, ndipo tilipeza ku Kabwata. Pa Burma Road pali mudzi wa zamaluso, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Tinyumba timeneti tinamangidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, kuti mugone amuna anchito amene anayenera kusiya akazi ndi ana kumudzi. Tambiri tinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, ndipo 43 totsala tinasandutsidwa mudzi wa zamaluso m'caka ca 1974. Amisiri a kumeneko ali ndi manja odabwitsa. Penyani m'mene sompho itsata mitsempha ya mukwa, ndi m'mene cipika cisandukira mvuu tsiku lisanathe. Woyamba aliyense ayenera kukhala pansi pafupi nao, pakuti dzanja liphunzira potsanzira, ndipo safunsa anadya phula.

Koma penyaninso zimene ziri pa mphasa zogulitsira: mvuu, nyamalikiti, njobvu, ndi mvuu zina zofanana ndi zoyamba zija. Sitingawadzudzule amisiriwo, pakuti mlendo wa ndalama afuna mvuu, ndipo ana kunyumba afuna nsima. Komabe tinene zoona: pamene wogula ndiye asankha, wosema watsala ndi manja okha. Ndipo cinthu camphamvu koposa pamalopo ndi tinyumba tomweto, tokumbutsa za amuna ogona okhaokha m'mzinda umene anaumanga koma sunawayese eni ace. Nkhani imeneyo iposa mvuu zikwi, ndipo iyembekeza wakuisema ndi wakuilakatula.

Makolo athu sanali otsanzira cabe. Wosema nyau za Gule Wamkulu anali kupenya zocitika m'mudzi napanga nkhope yatsopano. Pamene Azungu anafika, pabwalo panaturuka Simoni wa nkhope yofiira, anthu naseka cimene anali kuciopa. Zithunzi zoyera za m'mapanga a ku Mkoma ndi Thandwe kum'mawa kwa dziko lino, ndi za ku Chongoni m'Malawi, sizifanana ndi nyama monga kamera ifanizira, koma zinali kuphunzitsa anamwali ndi olowa kudambwe zimene anayenera kudziwa. M'masiku athu Stephen Kappata, wa ku Bulozi, amene anamwalira m'caka ca 2007, anajambula zimene anaona ndi kumva za nthawi ya atsamunda, za msonkho, zikoti ndi maulendo a kumigodi, nalembapo mau pa zithunzi zomwezo. Wina anganene kuti miyendo ya anthu ace siyenderana bwino ndi matupi. Koma iye anali ndi cakunena, ndipo cithunzi cokhota cimene cinena kanthu ciposa coongoka cimene ciri duu.

Cifukwa cace musanyoze wojambula zikwangwani za ometa tsitsi ku Chelstone, pakuti iye ajambula nkhope za anthu a lero, ndipo ena mwa amisiri otere ali ndi diso lakuthwa. Musaopenso nyumba zoonetseramo zithunzi za ku Kabulonga, kumene cithunzi cimodzi cigulidwa ndi ndalama zoposa malipiro a miyezi yambiri. Mtengo wa pa kapepala uuza za thumba la wogula, suuza za kuya kwa cithunzi. Lowani, penyani, ndipo muweruze ndi muyeso umodzi womwewo kuno ndi uko.

Malo ophunziramo alipo. Ku Showgrounds kuli nyumba ya zithunzi yochedwa ndi dzina la Henry Tayali, ya bungwe la Visual Arts Council limene linayamba m'caka ca 1989. Bungwe la Lechwe Trust, limene Cynthia Zukas, Bente Lorenz ndi Tayali anayambitsa m'caka ca 1986 kuti nchito zabwino za amisiri athu zisathere kunja kwa dziko, linatsegula nyumba yace yoonetsera pa Lagos Road m'caka ca 2018. Ku Evelyn Hone College kwaphunzira aphunzitsi ambiri a zojambula. Koma musapite kumalo amenewa monga apitira anthu ku ukwati, kungoti "zokongola, zokongola" n'kubwerera. Sankhani cithunzi cimodzi, mukhale naco nthawi yokwanira kuphika nyemba pang'ono, ndipo mudzifunse kuti: mmisiri watola ciani, wasiya ciani, ndipo cipangizo cace cinena ciani? Ndakatulo muifunse comwecho.

Pomaliza, kwa inu amene manja akuyabwa kuti mulembe kapena kujambula: yambani ndi cimene ciri pakhomo panu. Fodya wako ndiye ali pamphuno. Simunaone cipale cofewa ca ku England, koma mwaona mzere wa zigubu pa mpope m'mamawa, mwaona mbaula ikuyaka m'mwezi wa June, mwaona atate anu akusita malaya amodzi omwewo Lolemba liri lonse. Zimenezi palibe mlendo adzazilemba m'malo mwanu, ndipo zikapita osalembedwa, adzukulu anu adzayesa kuti m'Lusaka munali mvuu ndi nyamalikiti zokhazokha. Lembani mizere makumi awiri, mufafanize khumi ndi isanu, ndipo yotsalayo muiwerenge mokweza kwa munthu amene sakuopani.